Mafuta a m'poto ndi mtima wathu: mafunso ndi mayankho a ku Kabwe

Ku Kabwe nkhani ya thanzi ikangoyambika imathera pa mtovu, ndipo m'pake. Mgodi wa Broken Hill unatsekedwa mu 1994, koma fumbi lake likadali pa mabwalo a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu. Fumbi limenelo munthu payekha sangalithe. Chilipo china chokhudza mtima chimene chili m'manja mwa aliyense wogwira mthiko, ndicho mtundu wa mafuta olowa m'poto. Nawa mafunso amene munthu amabwerera nawo kunyumba akauzidwa kuchipatala kuti achepetse zonona.

Kodi mafuta oti tichepetsewo ndi ati?

Ndi aja amaundana akazizira. Phikani nyama ya ng'ombe madzulo, m'mawa muvundukule poto. Mupeza pamwamba pa msuzi payala zoyera zolimba, zoti mutha kuzipala ndi supuni. Ndi amenewo. Pa mabotolo ndi mapaketi amawalemba kuti saturated fat. Amachuluka m'nyama yonona ya ng'ombe, mbuzi ndi nkhumba, m'khungu la nkhuku, m'soseji, batala, tchizi, mabisiketi ndi makeke a m'sitolo. Ku zomera aliko awiri otchuka: mafuta a kokonati, amene oundana amapitirira 80 pa 100, ndi mafuta a kanjedza, amene pafupifupi theka lake ndi oundana. Yerekezani ndi a mpendadzuwa, amene oundana ndi 11 pa 100 basi, a soya 15 pa 100, ndi a mtedza 17 pa 100.

Ndiye kuti amakaundana m'mitsempha ngati mmene achitira m'poto?

Ayi. Thupi ndi lofunda, ndipo mafuta amagayidwa asanalowe m'magazi. Nkhani ili kuchiwindi. Pa maselo a chiwindi pali tizigwiriro timene timakoka kolesitolo wotchedwa LDL kumuchotsa m'magazi. Madokotala awiri a ku Dallas, Michael Brown ndi Joseph Goldstein, ndiwo anatulukira tizigwiriro timeneti, ndipo analandira nato mphoto ya Nobel mu 1985. Munthu akamadya mafuta oundana ambiri, tizigwiriroti timachepa, LDL n'kumatsalira m'magazi. Pang'onopang'ono amalowerera m'khoma la mtsempha n'kupanga chotupa chimene chimakula kwa zaka 20, 30, popanda ululu uliwonse. Tsiku lina chotupacho chimang'ambika, magazi amaundana pamenepo, njira n'kutsekeka. Zikachitika mumtsempha wodyetsa mtima, mbali ya mtima imafa. Zikachitika mumtsempha wopita kuubongo, ndiyo sitiroko ija imaumitsa munthu mbali imodzi.

Pali umboni woti kuchepetsa kumathandizadi?

Ulipo, ndipo ndi woyezedwa. Mu 2020 gulu la akatswiri lotsogoleredwa ndi Lee Hooper, pansi pa bungwe la Cochrane, linasonkhanitsa kafukufuku 15 wa mtundu wodalirika kwambiri, uja amagawa anthu pawiri mwamaere, ena n'kusintha kadyedwe, ena n'kupitiriza monga kale. Anthu onse pamodzi anaposa 56,000, ndipo aliyense anatsatiridwa zaka zosachepera ziwiri. Mwa amene anachepetsa mafuta oundana, matenda a mtima ndi mitsempha anatsika ndi 17 pa 100. Amene anachepetsa kwambiri ndiwo kolesitolo wawo anatsika kwambiri, ndipo ndiwonso anapindula kwambiri.

Umboni wina unachokera ku dziko lathunthu. Chigawo cha North Karelia ku Finland chinali ndi imfa za mtima zochuluka mochititsa mantha pakati pa amuna a zaka zogwira ntchito, anthu odya batala ndi mkaka wonona tsiku lililonse. Mu 1972 dokotala wachinyamata Pekka Puska anayambitsa ntchito yosintha zimenezi kudzera m'magulu a amayi, m'masitolo ndi mwa alimi. Batala analowedwa m'malo ndi mafuta a zomera, anthu anachepetsa mchere ndi fodya. Patatha zaka 40, imfa za matenda a mitsempha ya mtima mwa amuna amenewo zinali zitatsika ndi zoposa 80 pa 100.

Ndikatero ndikhala ndi moyo wautali?

Kafukufuku wa Cochrane uja sanapeze kusiyana kwenikweni pa chiwerengero cha imfa m'zaka zochepa zimene anthuwo anatsatiridwa. Chimene chinatsika ndi kudwala. Mwa anthu 56 amene sanadwalepo mtima, onse akachepetsa mafutawa kwa zaka zinayi, mmodzi amazemba vuto limene likanamugwera. Wina anganene kuti mmodzi ndi wochepa. Ine sindikuona choncho. Aliyense amene anasamalirapo kholo logona chifukwa cha sitiroko, kulitembenuza usiku, kulidyetsa phala ndi supuni, akudziwa kulemera kwa mmodzi ameneyo. M'tauni yaikulu ngati Kabwe, mmodzi mwa 56 ndi makomo ambiri.

Ndikachotsa mafutawo, m'malo mwake ndiikemo chiyani?

Funso lalikulu pa onse ndi limeneli, ndipo ndi limene limaiwalika pouzana kuti "siyani mafuta". Munthu sasiya chakudya n'kukhala ndi njala, amadzaza mimba ndi china. Mukachotsa nyama yonona n'kuwonjezera mtanda wachitatu wa nsima yoyera, buledi woyera, tiyi wa masupuni anayi a shuga ndi zakumwa zotsekemera, mtima supindula kanthu. Mukachotsa mafuta oundana n'kuikapo mafuta a mpendadzuwa, a soya, a mtedza ndi a nsomba, apo ndiye phindu limaoneka. Bungwe la American Heart Association litaunika kafukufuku wa kusinthanitsa kotereku mu 2017, linapeza kuti matenda a mtima amatsika ndi pafupifupi 30 pa 100. Bungwe la WHO, m'malangizo ake a 2023, linanenanso chimodzimodzi: sinthanitsani ndi mafuta a zomera, kapena ndi zakudya zokhala ndi gaga wake monga nyemba, masamba, zipatso ndi ufa wosakonola.

Chosangalatsa n'chakuti zonsezi n'zathu kale. Chibwabwa chotendera, kalembula, bondwe, impwa, nyemba za kabulangeti, kapenta, nsomba za ku Lukanga, kotapela wopaka pa buledi m'malo mwa batala, chikanda m'malo mwa poloni, nsima ya rola m'malo mwa ya bulekifasi. Palibe chofunika kuchiitanitsa kunja. Zimandiwawa kuona kuti munthu akangoyamba kulandira malipiro, ndiwo zimenezi amaziyesa zaumphawi, n'kumaona ngati kutukuka ndiko soseji m'mawa, chipisi masana, T-bone madzulo. Agogo athu ankadya mwanzeru kuposa mmene timawaganizira.

Nsinjiro si mafuta okhaokha?

Pafupifupi theka la mtedza ndi mafuta, zoona, koma ambiri mwa iwo ndi osaundana, aja amatsitsa LDL. Tenderani ndiwo mosaopa. Chenjerani ndi mtedza wovunda kapena wachuku, chifukwa umakhala ndi poizoni wowononga chiwindi. Usankheni musanasinje.

Mafuta ophikira a m'botolo onse si amodzi?

Si amodzi. Mafuta amene kuno timangoti saladi amasiyana kutali. Tembenuzani botolo muwerenge. Likalembedwa sunflower kapena soya, zili bwino. Likangolembedwa vegetable oil, yang'anani timalemba tating'ono, chifukwa nthawi zambiri mumapezeka palm olein, amene ndi mafuta a kanjedza. Vuto lili pa aja ogula moyeza pamsika, m'timabotolo ndi m'timapepala topanda dzina. Pamenepo nyengo yozizira imathandiza. M'mawa wa mu June kapena July, mafuta okhala ndi kanjedza wambiri amachita mbuu, ena amalimba pansi pa botolo mpaka kuwaika padzuwa kuti asungunuke. A mpendadzuwa ndi a soya amakhalabe oyera mbee, oyenda.

Kuti muone kukula kwa nkhani ya botolo limodzi, tengani Mauritius. Mu 1987 boma la kumeneko linasintha mafuta otchipa amene mabanja ambiri ankagula, kuchoka pa a kanjedza kupita pa a soya.  Pofika 1992 kolesitolo wa akuluakulu anali atatsika ndi pafupifupi 15 pa 100. Ife tili m'chigawo cholima soya kwambiri, minda ya ku Chisamba ndi Mkushi ili pakhomo, malole a soya amadutsa pakati pa tauni pa msewu wa Great North. Ndi chinthu choyenera kuchifunsa kwa opanga malamulo kuti bwanji mafuta otsika mtengo kwa mayi wa ku Bwacha kapena Katondo azikhala ochokera kutsidya kwa nyanja.

Mlingo wake ndi wotani?

WHO imati mafuta oundana asapitirire gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu yonse imene munthu amapeza m'chakudya pa tsiku. Kwa wamkulu wodya mwapakatikati, amenewo ndi magalamu pafupifupi 22. Supuni yaikulu ya batala ili ndi magalamu 7. Ya mafuta a kanjedza ilinso ndi pafupifupi 7. Ya mpendadzuwa siifika 2. Palibe amene amayenda ndi sikelo kukhitchini, koma manambalawa akusonyeza pamene pali kusiyana: masupuni atatu omwewo m'poto, botolo lina limakufikitsani pamalire, lina limakusiyani kutali.

Mafuta abwino nawonso amanenepetsa akachuluka. Repu wosambira m'mafuta sakhala mankhwala chifukwa choti mafutawo ndi a soya. Thirani ndi supuni, musapendeketse botolo.

Michopo ndi soseji ndisiyiretu?

Simukuyenera kulumbira. Chimene chimapweteka ndi chizolowezi cha tsiku ndi tsiku, osati phwando la ukwati. Pa michopo sankhani nthuli zofiira, zoyera zija musiye. Nyama yophika kunyumba isengeni mafuta musanaike pamoto, ndipo ngati yagona, palani zoundana zija mutaye musanatenthetse. Nkhuku ichotseni khungu, makamaka mabuloila, amene mafuta awo amaunjikana pansi pa khungu ndi kumchira. Vimbombo ndi matumbo zikhale za apo ndi apo.

Soseji ndi poloni ndizo ndingakulimbikitseni kuzitalikira kwambiri. Mafuta ake sangasengedwe chifukwa anagayidwira momwemo, ndipo zimabwera ndi mchere wambiri.

Nanga vitumbuwa ndi chipisi za pamsewu?

Zimamwa mafuta ambiri, ndipo chiwaya chikakhala pamoto tsiku lonse, mafuta omwewo kuwabwereza mpaka kuda, amawonongeka n'kutulutsa zinthu zosayenera thupi. Yang'anani m'chiwaya musanagule. Chimanga chootcha, mbatata yophika, chinangwa ndi mtedza wokazinga zili pa msewu womwewo.

Mazira ndi mkaka?

Dzira limodzi lili ndi mafuta oundana osafika magalamu awiri, ndipo ndi chakudya chomanga thupi chotsika mtengo. Kwa anthu ambiri dzira pa tsiku silivuta, makamaka lowiritsa. Mkaka ndi mabisi pa mlingo wa kapu sizofanana ndi batala, ndipo zili ndi kashiamu amene thupi limafuna. Ufa woyera uja wothira m'tiyi m'malo mwa mkaka ndi wina: si mkaka, kawirikawiri amaupanga ndi mafuta a kanjedza ndi zotsekemera.

Ana nawonso tiwachepetsere?

Osati makanda. Mwana wosakwana zaka ziwiri amafuna mafuta kuti ubongo ndi thupi zikule, ndipo mkaka wa m'mawere uli nawo ambiri mwachilengedwe. Ayamwe bere lokha miyezi isanu ndi umodzi, kenako phala lothira nsinjiro, dzira, kapenta wosinja kapena supuni ya mafuta. M'dziko limene kafukufuku wa 2018 anapeza kuti ana 35 pa 100 osakwana zaka zisanu ndi opinimbira, kumana mwana chakudya poopa kolesitolo kungakhale kulakwa kwakukulu. Malangizo a WHO amayambira pa zaka ziwiri kupita m'tsogolo, ndipo kwa ana a sukulu nkhondo yake ili pa mabisiketi, tokazinga ta m'mapaketi ndi soseji za m'chikwama.

Pa WhatsApp akuti asayansi anasintha maganizo, batala ndi wabwino. Zoona?

Mkangano unalipodi. Mu 2014 magazini ya Time inaika batala pachikuto ndi kulimbikitsa anthu kumudya. Ku South Africa pulofesa Tim Noakes anatchukitsa kadyedwe ka Banting, kosiya nsima ndi buledi n'kudalira nyama ndi mafuta. Mu 2017 kafukufuku wamkulu wa PURE, wa anthu oposa 135,000 m'mayiko 18 kuphatikizapo Zimbabwe ndi South Africa, anapeza kuti odya zokhutitsa zambiri ankamwalira msanga kuposa odya mafuta ochulukirapo.

Muli phunziro lenileni mmenemo, ndipo likutikhudza ife odya nsima: mbale yodzaza ufa woyera, ndiwo pang'ono, si chakudya chabwino. Ambiri mwa odya mafuta ochepa kwambiri m'kafukufukuyo anali osauka, osowa ndiwo, osowanso chipatala chabwino. Koma kafukufuku wongoyang'ana zimene anthu amadya sangalekanitse bwinobwino umphawi ndi chakudya. Uja wogawa anthu mwamaere ndiye amatha, ndipo iye akusonyeza kuti batala akayerekezedwa ndi mafuta a zomera, a zomera amapambana. Batala amangooneka wosalakwa akamuyerekeza ndi shuga ndi buledi woyera.

Amenewa si matenda a azungu ndi a mabwana? Ine ndine woonda.

Kuonda sikuyeza kolesitolo. Alipo anthu oonda amene LDL wawo ndi wokwera chibadwire, ndipo m'banja mwawo abambo kapena amalume anagwa mwadzidzidzi asanafike zaka 55. N'zoona kuti kuno ku Africa matenda a mtima ambiri amayamba ndi BP kusiyana ndi kutsekeka kwa mitsempha ya mtima. Kafukufuku wa Heart of Soweto, wochitikira pa chipatala cha Chris Hani Baragwanath ndi kufalitsidwa mu 2008, anapeza kuti mwa odwala mtima atsopano, mmodzi yekha mwa 10 ndiye anali ndi vuto la mitsempha yotsekeka. Koma m'matauni kadyedwe kasintha, kuyenda pansi kwachepa, ndipo sitiroko yafika m'makomo a aphunzitsi, a ogwira ntchito ku njanji ndi a ogulitsa pamsika mofanana.

N'chifukwa chake mafuta asakuiwalitseni mchere. Kafukufuku wa STEPS wa 2017 anapeza kuti pafupifupi wamkulu mmodzi mwa asanu mu Zambia ali ndi BP yokwera, kuti timadya mchere woposa magalamu 9 pa tsiku pamene malire ndi 5, ndiponso kuti anthu 9 mwa 10 sadya masamba ndi zipatso zokwanira. Kapenta wamchere mumuviike ndi kumutsuka. Mbale ya mchere ichoke pa tebulo.

Matenda ena a mtima alibe chochita ndi mafuta. Aja amawononga zitseko za mtima mwa ana ndi achinyamata amayamba ndi zilonda za pakhosi zosachizidwa, ndipo mankhwala ake ndi penisilini, osati kusintha ndiwo.

Kodi mtovu wa kuno ukukhudzana bwanji ndi mtima?

Kwambiri, ngakhale timaukamba ngati vuto la ana okha. Mtovu umakhala m'mafupa zaka makumi, umakweza BP, umawononga impso ndi makoma a mitsempha. Akatswiri a World Bank, m'lipoti lofalitsidwa mu 2023 m'magazini ya The Lancet Planetary Health, anayerekeza kuti mu 2019 akuluakulu 5.5 miliyoni padziko lonse anamwalira ndi matenda a mtima ndi mitsempha chifukwa cha mtovu. Munthu amene anakulira ku Kasanda akusewera m'fumbi, kapena amene amakumba miyala pa zotsalira za mgodi ku Black Mountain, mitsempha yake yasenza kale katundu. Kuwonjezerapo LDL wokwera, fodya ndi mchere ndi kuunjika ngozi pa ngozi.

Kuchepetsa mafuta sikuchotsa mtovu m'thupi, ndipo pasapezeke wokuuzani kuti chakudya chakutichakuti chimautsuka. Kuyeretsa nthaka ndi udindo wa boma ndi wa amene anapindula ndi mgodi, ndipo malangizo a kadyedwe asakhale njira yosunthira udindowo pa mayi wophika. Chimene chakudya chimachita n'chakuti thupi lokhala ndi ayironi ndi kashiamu wokwanira limayamwa mtovu wochepa, ndipo m'mimba mopanda kanthu mtovu umalowa kwambiri. Kapenta wodya ndi minga yake, nyemba, masamba obiriwira ndi mkaka zimathandiza mbali zonse ziwiri. Masamba muwatsuke bwino, manja asambidwe musanadye, chakudya chivundikiridwe nyengo ya mphepo.

Ndikumwa mankhwala a BP, a kolesitolo kapena ma ARV. Ndikasintha kadyedwe ndingasiye?

Ayi, musasiye popanda dokotala. Kadyedwe ndi mankhwala zimathandizana. Kwa amene anadwalapo mtima kapena sitiroko, mankhwala otsitsa kolesitolo otchedwa statin amatsitsa LDL kuposa mmene chakudya chokha chingathere. Anthu amene ali ndi HIV ali pa chiopsezo chokulirapo cha matenda a mtima ngakhale akumwa ma ARV mokhulupirika, ndipo kafukufuku wa REPRIEVE mu 2023 anasonyeza kuti statin anachepetsa matendawa ndi 35 pa 100 mwa iwo. Ngati mwapitirira zaka 40, funsani za zimenezi tsiku lokatenga mankhwala.

Zotsatira ndiziona liti, ndipo ndidziwa bwanji?

LDL amayamba kutsika m'masabata ochepa. Chitetezo ku matenda chimafuna zaka, n'chifukwa chake kusintha kwakung'ono kumene banja lonse lingakupirire kumaposa kusala koopsa kwa mwezi umodzi. Simudzamva m'thupi kuti kolesitolo watsika, monganso simunamve atakwera. Amaoneka poyeza magazi basi. BP amayeza pa kiliniki iliyonse ya m'komboni, ndipo ndi yoyamba kuidziwa. Za kolesitolo ndi shuga funsani ku chipatala chachikulu cha Kabwe Central, makamaka ngati muli ndi BP, shuga, mumasuta, kapena wachibale anadwala mtima akadali wamng'ono.

Ndi zizindikiro ziti zosayenera kudikira kuti kuche?

Kupanikizika kapena kulemera pachifuwa kopitirira mphindi zingapo, makamaka kofalikira kumkono, kukhosi kapena kunsagwada, pamodzi ndi thukuta lozizira, nseru kapena befu. Kwa amayi, okalamba ndi odwala shuga, nthawi zina kumangobwera ngati kutopa kwakukulu kapena kutentha pamtima. Kupotoka kwa kamwa, kufooka kwa mkono kapena mwendo mbali imodzi, kulephera kulankhula bwino mwadzidzidzi, zimenezo ndi za sitiroko. Musayambe ndi kuthowa kapena kufunafuna amene walodza. Pezani galimoto nthawi yomweyo, mutenge mankhwala onse amene wodwalayo amamwa, ndipo mukauze adokotala ola limene zizindikirozo zinayamba.